Zidindo zogubuduza za Akassite: wakhala pampandoyo ndi mulungu uti?

Nachisale

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya zidindo zogubuduza za nthawi ya Akassite, aja analamulira Babylon (Babulo, mu Iraq wa lero) kuchokera pamene Ahiti anafunkha mzindawo mu 1595 BC kufikira cha m'ma 1155 BC pamene Aelamu anawagwetsa. Zidindozi ndi timiyala tobulungira tozokotedwa zithunzi ndi malemba, timene ankatigubuduza padongo lonyowa kuti tisiye chithunzi. Chikundivuta ndi ichi. Mukatenga chidindo cha gulu loyamba, limene akatswiri amalitcha First Kassite, mupeza kuti mbali yaikulu ya mwala yadzaza ndi pemphero, mizere 5, 7, mwinanso kuposa. Chithunzi chimangopanikizidwa pa kampata kotsala: munthu mmodzi kapena awiri, ataliatali, ovala mkanjo wofika m'mapazi. Ambiri akaona dzina la Marduk, mulungu wa Babylon, m'pempherolo amangoti basi, wakhala pampandoyo ndi Marduk. Ine izi sindikuzivomera. Kodi pamwalapo pali chimene chimatilola kumupatsa dzina wojambulidwayo?

Bambo Mhango

Mayi Nachisale, mwagwira pamene pali vuto. Ikani zidindo zingapo pamodzi muone. Munthu yemweyo, wandevu, wokhala pampando wopanda choyedzamira, dzanja limodzi atakweza, mumupeza pambali pa pemphero lopita kwa Marduk, kwinaku pambali pa la Shamash, kwinanso pa la Sin. Ngati chithunzi sichisintha pamene dzina likusintha, dzinalo silingakhale chizindikiro cha chithunzicho.

Khalidweli silinayambe ndi Akassite. Pa zidindo za nthawi ya Hammurabi, mfumu ya Babylon Akassite asanalowe, pali zambirimbiri zolembedwa mayina a Shamash ndi mkazi wake Aya, koma pachithunzi pali anthu ena kotheratu.

Chinanso, kale mulungu ankadziwika ndi chisoti cha nyanga. Pa First Kassite nthawi zambiri nyanga palibe, pamangokhala kachisoti kobulungira. Ndiye musanafunse kuti ndi mulungu uti, yambani mwafunsa ngati ndi mulungu n'komwe, kapena mfumu, kapena mwini chidindo akupemphera. Choyamba kuyang'ana ndi kaimidwe: ndani wakhala pansi ndipo ndani waimirira, ndani wagwada, dzanja lakwezedwa kutsogolo kwa nkhope kapena lagwira chikho, ndodo, kapena lupanga lokhota lolozetsa pansi.

Che Jafali

Tisanapite patali ndi milungu, tione kaye mwalawo, chifukwa ndiwo ukufotokoza chifukwa chake anthuwa ali owongoka chonchi, mikanjo yawo ili mizere yokhayokha.

M'nthawi ya Hammurabi mwala wotchuka unali hematite, wakuda, wolimba pakati pa 5 ndi 6.5 pa muyeso wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala. Akassite anasamukira ku miyala ya mtundu wa quartz: chalcedony, agate, carnelian, jasper. Imeneyi ili pafupi ndi 7. Mkuwa pawokha suikanda n'komwe. Chimene chimadya mwala ndi mchenga wokhulira, makamaka emery amene amafika cha pa 9, wosakaniza ndi madzi kapena mafuta. Chitsulo cha mkuwacho ntchito yake ndi kungonyamula mchengawo.

Ntchito ya mmisiri, amene m'Chiakadi ankamutcha purkullu, imayenda motere. Amadula kachidutswa n'kukapala mpaka kakhale kobulungira, kawirikawiri masentimita 3 mpaka 5 m'litali, pakati pake sentimita imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Kenako amaboola. Nzeru yake ndi kuboola usanazokote, chifukwa apa ndi pamene mwala umasweka, ndipo ndi bwino usweke usanawonongerepo masiku. Amaboola ndi choboolera chozunguza ndi uta, kuyambira mbali imodzi kufika pakati, n'kutembenuza kuyambiranso mbali inayo. Ukapitiriza mbali imodzi mpaka kutulukira, mwala umabenthuka potulukirapo, komanso choboolera chachitali chimapatuka. N'chifukwa chake mukaunika m'bowo la chidindo chenicheni mumaona kuti kukamwa n'kotambalala, pakati n'popanikizika, ndipo pokumanirana mabowo awiriwo pamakhala kachitunda chifukwa sakumana ndendende.

Akatero amasalaza kunja, n'kuyamba kuzokota. Zida zazikulu ndi zitatu. Tupa imayenda cham'tsogolo ndi cham'mbuyo, ndipo pa mwala wobulungira imangotha kudula mzere wowongoka wopingasa kapena wopendekeka. Choboolera chimasiya timaenje tobulungira, ndito timapanga maluwa, mfundo za miyendo ya nyama ndi maso. Kagudumu kozungulira kamasiya mzere wakuya pakati, wosongoka kumapeto konse. Margaret Sax ndi Nigel Meeks a ku British Museum anayeza zipsera zimenezi ndi makina okulitsa zinthu, ndipo anapeza kuti kudula ndi gudumu kunakhazikika m'nthawi ya Akassite yomweyi. 

Tadala

Che Jafali, onjezanipo kuti zonsezi amazizokota chagada, kumanzere kukhala kumanja, kuti zikadindidwa padongo ziwerengeke bwino. Apa ndi pamene amisiri ena ankaphonya. Mumapeza chilembo chimodzi chatembenuka pakati pa zinzake zolondola, kapena mzere womaliza zilembo zathithikana chifukwa sanayeze malo. Izi zimakuuzani kuti wozokotayo ankakopera zimene mlembi anamulembera, osati kuti iye ankadziwa kuwerenga.

Aphunzitsi Kalua

Zoona, ndipo pempherolo silinali la chinenero cha tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa mapemphero a First Kassite ali m'Chisumeri, chimene anthu anali atasiya kulankhula zaka mazana angapo m'mbuyomo. Anthu ankalankhula Chiakadi. Alembi ankasankha dala zilembo zosowa ndi mawu akale, moti mizere ina imavuta ngakhale kwa odziwa. Katswiri wina, Henri Limet, anasonkhanitsa malembawa mu 1971, ndipo mukawaika pamodzi mumaona kuti amatsata njira imodzi. Amayamba ndi dzina la mulungu. Kenako mayina omutamanda, monga mbuye wamkulu, wachifundo, womva pemphero, wopatsa moyo. Kenako pempho: moyo wautali, chuma, mzimu woteteza, kuyanjidwa kunyumba ya mfumu. Pomaliza dzina la mwini, la bambo ake, ndi mawu oti mtumiki wako wokuopa.

Tsono taonani ichi, Mayi Nachisale. Pali zidindo zimene pempherolo ladzaza mwala wonse koma dzina la mwini palibe. Chidindo ntchito yake ndi kusonyeza kuti uje wavomera, ndiye chopanda dzina chikutiuza kuti kwa mwiniwakeyo chachikulu chinali pempherolo. Ankachivala pathupi, pachingwe, m'khosi kapena padzanja. Kwa ine chidindo cha Akassite ndi pemphero loyenda nalo, ndipo kudinda ndi ntchito yake yachiwiri. Mukachiona choncho, chithunzicho sichifunikanso kukhala nkhope ya mulungu wotchulidwayo. Chikungoonetsa mchitidwe wopembedza: wina wakweza dzanja, wina akulandira.

NyaGondwe

Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu theka. Musataye tizizindikiro timene tamwazika pakati pa anthuwo, chifukwa tina timalankhula momveka. Tili ndi pofanizira. Miyala ya kudurru, imene mafumu a Akassite ankalembapo za minda yopatsidwa kwa anthu, ili ndi zizindikiro za milungu, ndipo pa ina mmisiri analemba dzina pambali pa chizindikiro. Yambiri inapezeka ku Susa, kumene Aelamu anaitengera atafunkha, ndipo lero ili ku Louvre, nyumba yosungiramo zakale ya ku Paris, kuphatikizapo ya mafumu Nazi-Maruttash ndi Meli-Shipak. Kuchokera pa miyala imeneyi ndi malemba ena tikudziwa kuti mwezi wokhota ndi Sin, nyenyezi ndi Ishtar, dzuwa ndi Shamash, fosholo yosongoka ndi Marduk, cholembera ndi Nabu, nyale ndi Nusku, chinkhanira ndi Ishhara, mphezi ndi Adad, mbuzi ya mchira wa nsomba ndi Ea, galu ndi Gula.

Galu yekhayo tamuonani bwino. Pa zidindo amakhala chokhala pansi, mchira utapindikira kumsana, nthawi zina kutsogolo kwa wopembedza. Gula anali mulungu wamkazi wa machiritso. Mu mzinda wakale wa Nippur mu 1990 ofukula a ku Chicago anapeza m'kachisi tiagalu tadongo ndi tamkuwa pamodzi ndi tianthu togwira pakhosi kapena pamimba, kusonyeza pamene pakupweteka. Ku Isin, kumene kunali kachisi wake wamkulu, anapeza agalu oposa 30 atakwiriridwa pafupi ndi kachisiyo. Ndiye galu pachidindo si chodzazira malo ayi. Mwini chidindo akupempha thanzi, ngakhale pemphero lolembedwalo likupita kwa mulungu wina.

Aphunzitsi Kalua

Pa galu sindikutsutsa, Mayi. Koma mwadzinenera nokha: galu wa Gula pambali pa pemphero la mulungu wina. Ndiye kuti pamwala umodzi pali mawu atatu osiyana, lemba, anthu ojambulidwa, ndi tizizindikiro, ndipo chilichonse chiyenera kuwerengedwa pachokha.

Vuto ndi loti zizindikiro zofala kwambiri pa zidindo si zimene zili ndi mayina pa kudurru. Pa zidindo pamachuluka mtanda, duwa lobulungira, kachizindikiro ka ngodya zinayi kosongoka uku ndi uku, dzombe, ntchentche, chule, ngala ya barele. Ka ngodya zinayi kaja ena amati ndi diso, ena njere, ena chizindikiro cha ukazi chokhudzana ndi Ishtar. Palibe lemba lakale limene linakatchula dzina, choncho wolemba mosamala amangokafotokoza maonekedwe ake n'kulekera pomwepo.

Tadala

Mtandawo tiukambe bwino chifukwa umasokoneza anthu. Ndi wa mikono inayi yofanana, kawirikawiri wozunguliridwa ndi mzere wina kunja kwake, ndipo umaikidwa m'mwamba mwa chithunzi. Pa intaneti pamayenda zithunzi zake ndi mawu oti mtanda wa Akhristu unachokera ku Babulo. Palibe chingwe cholumikiza ziwirizi. Zidindozi ndi za zaka zoposa 1,000 Yesu asanabadwe, ndipo mtanda wake sukhudzana ndi chopachikapo munthu.

Bambo Mhango

Achemwali a Tadala anena zoona. Mkangano weniweni uli pakati pa Shamash ndi Marduk. Oti ndi Shamash amanena kuti mtanda umakhala pamalo pamene pa zidindo zina pamakhala dzuwa, ndipo dzuwa la ku Mesopotamia limajambulidwa ndi nsonga zinayi. Oti ndi Marduk, monga Erica Ehrenberg, amaloza kuti chizindikirochi chikufala nthawi yomwe dzina la Marduk likuchuluka m'mapemphero. Pali mwala wa Shamshi-Adad V wa ku Assyria, uli ku British Museum, pamene mfumuyo yavala mtanda waukulu pachifuwa. Mfumu imeneyi inamenya nkhondo ku Babylonia cha m'ma 814 BC, ndipo ena amati inavala mtandawo pofuna kudzionetsa ngati wolamulira dzikolo. Ine ndimapendekera kwa Shamash chifukwa cha malo amene mtanda umakhala pachithunzi, koma mwala wa Shamshi-Adad umandiletsa kutseka nkhani.

Nachisale

Ndathokoza nonse. Pali china chimene sitinachikhudze. Akassite anali ndi milungu yawo, Shuqamuna ndi Shumaliya, oteteza banja lachifumu, ndipo pa kudurru chizindikiro chawo chimaoneka ngati mbalame pamtengo wake. Koma m'mapemphero a pa zidindo mumangokumana ndi Marduk, Shamash, Sin, Adad, Ninurta, Gula, Nabu, Nergal, Nin-Eanna. Ndiye dzina loti zidindo za Akassite likunena za nthawi, osati za chipembedzo cha mtundu wa Akassite. Eni ake ambiri ali ndi mayina a Chibabulo. Mafumuwo anatenga dziko, n'kulitcha Karduniash, n'kumanga Dur-Kurigalzu pafupi ndi pamene pali Baghdad lero, koma ankakonzanso akachisi a Enlil ku Nippur ndi a milungu ina ya eni dziko.

Che Jafali

Ndipo poika zaka samalani ndi dzina la mfumu. Chidindo chikati mwini wake ndi mtumiki wa Burna-Buriash, nthawi zambiri mwapeza poimira, chifukwa Burna-Buriash II analamulira cha m'ma 1359 mpaka 1333 BC ndipo makalata ake opita kwa Akhenaten, mfumu ya ku Iguputo, anapezeka ku Amarna m'dzikolo. Chikati mtumiki wa Kurigalzu, mavuto ayamba, chifukwa a Kurigalzu alipo awiri, wina Burna-Buriash II asanalowe ufumu, wina pambuyo pake, ndipo chidindo sichinena kuti ndi uti. Pamenepo mumadalira mzere wa makolo a mwini chidindo ndi kazokotedwe.

NyaGondwe

Tiyeni ku gulu lachiwiri, Second Kassite, chifukwa kumeneko zinthu zikutembenuka. Likuyamba cha m'nthawi ya Burna-Buriash II yomweyo, likuyendera limodzi ndi loyamba. Chithunzi ndicho chatenga mwala, lemba lachepa ndipo nthawi zina lagonekedwa chopingasa m'mwamba kapena lalowetsedwa m'mipata. Anthu owuma aja palibe. Pali mitengo yophuka, mbalame zouluka, nyama zolumpha, anthu a mchira wa nsomba, ndi mulungu amene thupi lake kumunsi ndi phiri, atagwira mitsinje ya madzi ikuyenderera.

Chitsanzo chodziwika sichinapezeke ku Iraq n'komwe. Mu 1963 ndi 1964 ku Thebes ya ku Greece, m'nyumba yachifumu ya nthawi ya Mycenae, anafukula mulu wa zidindo za lapis lazuli zoposa 30, zochokera ku Cyprus, kwa Ahiti, ku Mitanni ndi ku Babylonia. Chimodzi ndi cha Kidin-Marduk, mwana wa Sha-ilimma-damqa, nduna ya Burna-Buriash. Pali mulungu akutuluka pakati pa mapiri awiri, madzi akutsika kuchokera m'manja mwake, mitengo ili m'mbali. Edith Porada, amene anafalitsa zidindozi, anaona kuti za Chibabulozo zikayezedwa pamodzi zimafika pafupi ndi mina imodzi, magalamu pafupifupi 500. Anaganiza kuti zinatumizidwa ngati mphatso ya lapis yoyezedwa pasikelo, mwina ndi mfumu Tukulti-Ninurta I ya ku Assyria atafunkha Babylon cha m'ma 1225 BC. Zoti anatumiza ndi iyeyo ndi ganizo chabe. Chooneka ndi choti kwa Agiriki aja pempherolo linalibe ntchito, ankafuna mwala wobiriwira ngati thambo wochokera ku Badakhshan, ku Afghanistan.

Bambo Mhango

Mulungu wa mapiri ndi madziyo ambiri amathamangira kunena kuti ndi Ea, poti madzi oyenderera ndi anthu a nsomba ndi za Ea kuyambira kalekale. Ena amati ndi Marduk, mwana wa Ea, amene anatenga zambiri za bambo ake. Koma onaninso khoma la kachisi wa Inanna ku Uruk amene anamanga Karaindash, mfumu ya Akassite, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 BC. Ndi la njerwa zoumbidwa m'chikombole, ndipo zidutswa zake zili ku Berlin ndi ku Baghdad. Pali milungu yaimuna ya mikanjo ya mamba a phiri ndi yaikazi ya mikanjo ya mafunde, yosinthanasinthana, aliyense atagwira mtsuko wosefukira. Ndi yambiri, yofanana, ili m'kachisi wa mulungu wina. Singakhale Ea yonseyo. Ndi mizimu ya phiri ndi ya madzi, yoimira chonde cha dziko. Wa pachidindo cha Kidin-Marduk akhoza kukhala wamkulu kuposa amenewa poti ali yekha pakati, koma khomalo likutichenjeza kuti phiri ndi madzi pazokha si dzina.

Aphunzitsi Kalua

Ine pamenepa ndisiyana nanu pang'ono, Bambo Mhango. Pakhoma la ku Uruk milunguyo yaima m'mizere ngati alonda. Pachidindo, chilengedwe chonse, mitengo, mbalame, madzi, chikuzungulira mmodzi. Mmisiri akanafuna mzimu wamba sakanamupatsa malo otero. Dzina sindimupatsa, koma ndikuti ndi mulungu wamkulu.

Tadala

Funso la kagwiritsidwe ntchito. Ngati chachikulu chinali pemphero, pamapale a dongo amene ankalembapo zikuoneka bwanji?

Che Jafali

Umboni wochuluka ukuchokera ku Nippur, kumene kunapezeka mapale pafupifupi 12,000 a nthawi ya Akassite, ndipo Donald Matthews anasanthula zodindidwa zake mu 1992. Ambiri odindidwa ndi a kaundula wa zotuluka m'nkhokwe, monga ufa ndi mowa, amene amatchedwa aklu. Kumapeto mlembi amalemba kuti chidindo cha uje. Pali nthawi zimene dzina limene mlembi walemba silifanana ndi dzina lozokotedwa pachidindo, ndipo chidindo chimodzi chimapezeka chikugwiritsidwa ntchito ndi akuluakulu angapo motsatizana. Choncho musatenge dzina la pamwala n'kuliyesa la amene anadinda tsikulo.

Amene analibe chidindo ankakanikiza chikhadabo m'mphepete mwa phale kangapo, mlembi n'kulemba kuti chikhadabo chake m'malo mwa chidindo chake, monga momwe wosatha kusayina amadindira chala papepala.

Pofuna kudziwa chimene chinayamba pakati pa kulemba ndi kudinda, unikani ndi tochi chapambali. Ngati zilembo zaphwatalala ndipo milomo yake yatsekeka, anadinda atalemba kale. Ngati zilembo zadula chithunzi ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa, anayamba ndi kudinda. Dongo likauma pang'ono chithunzi chimatuluka chosazama. Likakhala lonyowa kwambiri limamatirira m'mizere ya chidindo ndipo nkhope zimafufutika.

Chinanso choti muone ndi mphepete. Zidindo za anthu olemera zinali ndi zivundikiro zagolide kumapeto konse, zokongoletsedwa ndi timibulu tagolide toikidwa m'magulu a ngodya zitatu. Pa zambiri golideyo anachoka kalekale, koma padongo pamatsala mzere wa timakona tatimadontho m'mwamba ndi m'munsi mwa chithunzi. Osakwanitsa golide ankauza mmisiri kuti angozokota timakonato pamwala penipenipo. Kusiyanitsa kwake: chivundikiro chenicheni chimatuluka kunja kuposa mwala, ndiye chimasiya ngalande yakuya padongo, ndipo nthawi zina chimalepheretsa chithunzi cha pafupi nacho kudindika bwino. Chozokota chimakhala pa msinkhu umodzi ndi chithunzi.

NyaGondwe

Zotsanzirazo zikutifikitsa ku gulu la zidindo zongotsanzira za Akassite, lotchedwa Pseudo-Kassite. Izi ndi za galasi, za faience (choumba chowotcha chonyezimira ngati galasi) kapena za mwala wofewa, ndipo zapezeka ku Nippur, ku Susa, ku Choga Zanbil ndi pachilumba cha Failaka. Zimatengera First Kassite, koma mizere ndi yopyapyala, pali timipanda ta mizere yopingasana, ndipo lembalo nthawi zambiri ndi lalifupi, lobwerezabwereza, mwina losawerengeka n'komwe. Kwa ine zimenezi zikulimbitsa mfundo ya Aphunzitsi. Munthu ankafuna kuti pachidindo pake paoneke pemphero ngakhale zilembo zake zisakupanga mawu. Ku Choga Zanbil zambiri zinapezeka m'kachisi, zoperekedwa kwa milungu.

Mtundu wa mwala nawonso unali ndi tanthauzo. Lemba lina la pambuyo pake, la ku Assyria, limati wovala chidindo cha lapis adzakhala ndi mphamvu ndipo mulungu wake adzakondwera naye, pamene wovala cha hematite adzataya zimene anapeza. Galasi lobiriwira linkalowa m'malo mwa lapis, ndipo ku Nippur anapeza nkhwangwa zagalasi lotero zoperekedwa ndi mafumu a Akassite.

Nachisale

Kwa amene ali ndi mwayi wogwira chidindo m'nyumba yosungiramo zakale, kapena chokopera chake, kadindidwe kabwino ndi kotani? Zithunzi zambiri zimene zimayenda ndi zopindika.

Che Jafali

Gwiritsani ntchito dongo la pulasitiki louma ndi moto, monga Fimo kapena Sculpey. Likandeni mpaka lifewe, mulipapatize likhale lochindikala mamilimita 5 kapena 6, lofanana ponseponse. Utali wake muwerengere: kukula kwa pakati pa chidindo kuchulukitsa ndi 3.14. Cha sentimita 1.5 chimatulutsa chithunzi cha masentimita 4.7 pa kuzungulira kumodzi. Konzani dongo la masentimita 8 kapena 9 kuti muzungulize kamodzi ndi theka, chithunzi chibwereze, muone pamene chikulumikizana. Wazani paudala pang'ono kuti lisamatirire, n'kupukuta wotsala, chifukwa wochuluka amatseka zilembo. Kanikizani ndi zala za manja onse kumapeto awiri a chidindo, mugubuduze ulendo umodzi osaima.

Zolakwika zake ndi izi. Mukaima pakati pamatsala mzere woimirira. Dzanja limodzi likalemera, chithunzi chimakhota ngati uta. Chidindo chikaterereka m'malo mogubuduzika, anthu amatuluka onenepa ndipo zilembo zimatalikirana. Mukakanikiza kwambiri dongo limathawira kutsogolo n'kutambasula chithunzi. Mukamaliza, otchani pa kutentha kumene kwalembedwa papaketi, kawirikawiri madigiri 110 mpaka 130. Pojambula, kuwala kuchokere kumanzere cham'mwamba, chopendekeka, apo ayi zotukuka zimaoneka ngati zolowa.

Koma chidindo cha galasi kapena faience musachigubuduze. Khungu lake linafumbwa ndi zaka ndipo limatsalira padongo. Chimodzimodzi mwala wong'aluka, kapena lapis wofewa amene amamwa mafuta a dongolo n'kuda. Zoterezi amazijambula ndi kamera chidindo chikuzungulira, kompyuta n'kulumikiza zithunzizo kukhala chimodzi chotambalala. Zambiri mungazione pa CDLI, nkhokwe ya pa intaneti ya malemba akale a ku Mesopotamia, osakhudza mwala.

Tadala

Ndipo zogulitsidwa pamsika samalani nazo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, zabodza ndi zambiri, ndipo First Kassite ndi yosavuta kunamizira poti anthu ake ndi ochepa. Zizindikiro zake: bowo lowongoka lofanana kukula kuyambira uku mpaka uko, kukamwa kwa bowo kosadyeka ndi chingwe, mizere yoyera mbee mkati pamene kunja kwaoneka kokalamba, zilembo za nthawi zosiyana zitasakanizidwa, kapena pemphero lokopedwa m'buku n'kudukira pakati pa liwu. Zilembo zopanda tanthauzo pazokha si umboni, poti Pseudo-Kassite yeniyeni ilinso nazo. Koma zikakhala pa agate wozokotedwa mwaluso, kayikirani.

Chachiwiri, chikakhala chenicheni mwina ndi chobedwa. Mu April 2003 ku Iraq Museum kunabedwa zidindo zogubuduza pafupifupi 5,000, ndipo chigamulo 1483 cha UN Security Council chinaletsa malonda a zakale zotulutsidwa mu Iraq mosaloledwa kuyambira pa 6 August 1990. Chidindo chofukulidwa mwakuba chimatayanso chimene tikuchifuna m'nkhani ino, kuti chinali m'manda, m'kachisi kapena m'nyumba.

Bambo Mhango

Kuyenda kwa zidindo m'manja mwa ofunkha ndi kwakale. Ku British Museum kuli phale la ku Nineveh lokopera zimene zinalembedwa pa chidindo china cha lapis. Chinali cha Shagarakti-Shuriash, mfumu ya Akassite. Tukulti-Ninurta I anachilanda n'kulembapo dzina lake ndi temberero kwa wofafaniza. Kenako chinabwerera ku Babylon, ndipo Sennacherib, mfumu ya Assyria, atagonjetsa mzindawo anachitenganso n'kulembetsa kuti wachipeza patapita zaka 600. Ndiye mwala umodzi ukhoza kunyamula malemba a anthu atatu a nthawi zosiyana. Poyeza chidindo funani malo ophwatalala pamene lemba lakale linapalidwa, ndi mbali imene yachepa kunenepa poyerekeza ndi inzake. Zina mwa za ku Thebes zinazokotedwanso ndi amisiri a ku Cyprus pamwamba pa zithunzi zakale.

Nachisale

Chatsala ndi gulu lachitatu. Third Kassite ndi la kumapeto, zaka za m'ma 1100 BC, ndipo likupitirira mpaka mu ufumu wachiwiri wa Isin, Akassite atagwa kale. Pemphero lalitali lija lasowa. Pali nyama ziwiri, ng'ombe kapena mbuzi zamapiko, zitaimirira mbali ziwiri za mtengo, timakona tozokota m'mphepete, ndipo pa zina fosholo ya Marduk yaima poyera. Apa pokha ndi pamene ndingalembe dzina la Marduk pansi pa chithunzi mosakayika, chifukwa fosholoyo tikuidziwa kuchokera pa kudurru. Che Jafali, pa za gulu limeneli timakonato n'tozokota nthawi zonse, kapena pali zodindidwa zosonyeza chivundikiro chenicheni?

Che Jafali

Chimene chimadziwikitsa gululi ndi timakona tozokota pamwala, Mayi, tikulutikulu, todzazidwa ndi mizere yopingasana m'malo mwa timadontho. Mukakhala ndi chodindidwa chokha popanda mwala, yezani kuya kwa mphepete monga ndanenera, kenako muyang'ane mkati mwa kakona kamodzi ndi galasi lokulitsa ka 10. Timibulu tagolide timasiya timaenje tobulungira tofanana kukula, pamene tupa imasiya mizere yodutsana imene nthawi zina imapitirira kunja kwa kakonako.